Kapu ya Tiyi Imene Imanga Cibale ku China

Kale anthu a ku Tamanda anali kumva za dziko la China pa wailesi pokha, makamaka m'zaka za 1970 mpaka 1975, pamene Machaina anali kuyala njanji ya TAZARA yocokera ku Dar es Salaam kufika ku Kapiri Mposhi, mtunda wa makilomita 1,860. Masiku ano China anayandikira. M'caka ca 2003 Machaina anatsegula kampani yogula thonje m'Chipata, ndipo ana ena a m'cigawo ca Kum'mawa apita ku China kukaphunzira udokotala ndi nchito zina. Kumene anthu akomana maukwati sasowa. Motero tsiku lina banja la kumudzi likhoza kulandira kalata yofiira yoliitana ku cikwati ca mwana wao kutsidya la nyanja.

Malume kapena azakhali amene atumidwa kukaimira banja pa cikwati cotere asaganize kuti ulendo wao ndi wa phwando cabe. Zimene zicitika pa tsikulo zisonyeza kumene mkazi adzakhala ndiponso mtundu umene ana adzawerengedwako, ndipo pa zinthu ziwiri izi mwambo wa Machaina usiyana kwambiri ndi wa Acewa.

Mabuku a Machaina olembedwa zaka zoposa 2,000 zapitazo achula masitepe 6 a ukwati. Coyamba a kucimuna anali kutuma munthu wapakati, wonga nkhoswe, kukafunsira mbeta atanyamula tsekwe. Atavomerezedwa anali kufunsa dzina la mtsikana ndi tsiku lake lobadwa, naliyerekeza ndi la mnyamata kuti aone ngati awiriwo ayenerana. Pambuyo pake anali kukauza a kucikazi kuti zaombezedwa bwino, kupereka cuma, kusankha tsiku, ndi potsiriza kukatenga mkwatibwi. Lero anyamata ndi atsikana adzisankhira okha, koma makolo ambiri akali kuyang'ana pa kalendala ya mwezi pofuna tsiku la mwai. Mwezi wa 7 wa kalendalayo aupewa, cifukwa akuti ndiwo mwezi umene mizimu ya akufa iyendayenda.

Cuma coperekedwa kwa makolo a mkazi acicha caili. Mngoni wa kwa Mpezeni amene adziwa malowolo a ng'ombe sadzacedwa kucimvetsa, koma Mcewa wozolowera cikole adzadabwa ndi kukula kwake. Lamulo la ukwati la m'caka ca 1950 linaletsa kukakamiza mwana kukwatiwa, mitala, ndi kulipiritsa cuma pa ukwati, ndipo lamulo latsopano limene linayamba kugwira nchito m'2021 linabwereza ciletsoco. Komabe mwambowo sunafe. Kalembera wa m'caka ca 2020 anapeza kuti amuna m'China aposa akazi ndi pafupifupi 35 miliyoni, ndipo m'midzi ina mabanja alowa m'ngongole zazikulu pofunira mwana wao mkazi. Milandu inacuruka kotero kuti m'February 2024 bwalo lalikulu la dzikolo linaika malamulo onena za kubweza cumaco ukwati ukatha, poona nthawi imene awiriwo anakhala pamodzi ndiponso ngati anabala ana. A kucikazi naonso sapita cimanjamanja: mkwatibwi atenga zofunda, ziwiya, golide kapena ndalama kunka nazo kwa mwamuna.

Mlendo ayenera kusamala cobvala. Kwa Machaina mtundu wofiira ndi wa cimwemwe, ndipo pa makomo, pa mazenera ndi pa galimoto amatapo cilembo cofiira cotanthauza cimwemwe cowirikiza. Koma cobvala cofiira thupi lonse ndi ca mkwatibwi, pamene coyera ndi cimene makolo ao anali kubvala pa maliro. Wa nzeru asankha mtundu wina wowala. Mphatso ndi ndalama zoikidwa m'emvulopu yofiira yochedwa hongbao. Ciwerengero ca ndalamazo cisakhale ndi 4, popeza liu lake m'Cichaina limveka ngati imfa, pamene 8 akondedwa pakuti amveka ngati kulemera. Woci ya pa khoma sapatsana, cifukwa mau akuti kupereka woci afanana ndi akuti kuperekeza maliro. Pa khomo pakhala mlembi wolemba dzina la mlendo aliyense ndi ndalama zimene wapereka, monga acitira pa maliro a kuno, kuti tsiku lina banjalo lidzabweze molingana.

M'mawa wa tsiku la cikwati mkwati apita ndi anzake kunyumba ya mkwatibwi, napeza citseko cotseka. Atsikana anzake a mkwatibwi amcititsa masewera, amuimbitsa nyimbo ndi kumfunsa mafunso, ndipo satsegula kufikira atalowetsa timaemvulopu tofiira pansi pa citseko. Kale mkwatibwi anali kunyamulidwa pa macira ofiira ataphimba nkhope ndi nsalu. Lero akwera galimoto, ndipo kumidzi aphulitsa makombola a pepala poingitsa mizimu yoipa. Pofika kucimuna, m'mabanja osunga za makolo, awiriwo awerama katatu: kwa kumwamba ndi dziko, kwa makolo, ndi wina kwa mnzake.

Pamenepo ifika nthawi ya tiyi, imene ili cimake ca mwambo wonse. Makolo akhala pa mipando, ndipo mkwati ndi mkwatibwi agwada patsogolo pao, nawapatsa kapu ndi manja awiri. Makolo a mwamuna ndi agogo alandira poyamba, ndipo abale ena atsata monga mwa ukulu wao. Popereka kapuyo mkwatibwi achula apongozi ake kuti Mai ndi Tate kwa nthawi yoyamba, cinthu cimene Machaina aciti kusintha pakamwa. Wolandira akamwa, abweza emvulopu yofiira kapena kumbveka mtsikanayo cibangiri ca golide. Kumwa tiyiyo ndiko kubvomera pamaso pa mboni kuti mwana wa eni walowa m'banja. Masiku ano makolo a mkazi naonso apatsidwa tiyi ndi mkamwini wao mwa njira yomweyo. Mlendo wa ku Tamanda, amene anakula aona mkamwini alikupatuka m'njira pothawa apongozi, adzaona zacilendo: kumeneko ulemu ndi kuwayandikira ndi kuwaitana dzina la ukholo pa tsiku loyamba. Naye malume akapatsidwa kapu, alandire, amwe, ndipo akhale atakonzeratu emvulopu yake.

Pa kama wa akwati amwazapo zinthu zinai: zipatso zofiira za mtundu umodzi ndi masau, nshawa, cipatso cochedwa longan, ndi njere za duwa la m'madzi longa kakombo. Maina a zinaizi akachulidwa motsatana amveka ngati dalitso lakuti abale mwana msanga. Mlimi wa nshawa za Chalimbana adzaseka poona mbeu ya m'munda mwake ili ndi nchito yotere. Pa phwando alendo akhala khumikhumi pa matebulo ozungulira, ndipo mbale zibwera imodziimodzi. Nsomba iikidwa yathunthu, mutu ndi mcira womwe, pakuti liu lakuti nsomba limveka ngati zotsala, ndiye kuti nyumbayo isadzasowe kanthu. M'madera ambiri, makamaka a kumwera, mlongo wao wa amai apatsidwa mpando wa ulemu, ndipo phwando siliyamba iye asanakhale. Pa tsiku lacitatu mkwatibwi abwerera kwao pamodzi ndi mwamuna wake ndi mphatso, koma tsopano alandiridwa monga mlendo, ndipo m'mabanja ena ayenera kucoka dzuwa lisanalowe.

Apa ndi pamene banja la Cicewa liyenera kuchera khutu. M'dziko la Kalonga Gawa Undi mwamuna kale anali kukakhala cikamwini kwao kwa mkazi, ndipo ngakhale atamtenga pa citengwa, ana anali a mbumba ya mai ao, oyang'aniridwa ndi malume. Kwa Machaina mtundu utsata bambo. Mkazi sasintha dzina lake pokwatiwa, koma ana ambiri atenga la atate ao, ngakhale lamulo lilola kuti atenge la mai. Cinenero cao comwe cionetsa zimenezi: makolo a mai achedwa waigong ndi waipo, ndiye kuti agogo akunja, pamene makolo a bambo ndiwo a m'nyumba. Malume alemekezedwa pa phwando, koma mwa mwambo wao sali mwini mbumba. Banja lopereka mwana wamkazi lidziwe ici, ndipo banja limene mwana wao wamwamuna akwatira Mchaina lidziwe kuti a kucikazi angayembekeze caili ndiponso nyumba yokhalamo akwatiwo.

Palinso za boma. M'China ukwati wodziwika ndi lamulo ndi wokhawo wolembetsedwa ku ofesi, mwamuna atakwana zaka 22 ndi mkazi zaka 20. Phwando ndi tiyi pa zokha sizipatsa mkazi mphamvu pa bwalo la milandu. Zambia anabvomereza unzika wa maiko awiri m'caka ca 2016, koma China salola nzika yake kukhala ndi unzika wina. Cotero nkhani ya dziko limene mwana adzalembedwako iyenera kukambidwa mwanayo asanabadwe.

Akulu anati safunsa anadya phula. Nkhoswe yopita ku cikwati ca Machaina ikhale pansi ndi a mbali inayo tsiku lisanafike, pakhale womasulira wokhulupirika, ndipo ifunse momveka: cikalata ca boma cilipo kodi, cuma coperekedwaco cimanga ciani ukwati ukadzabvuta, akwatiwo adzakhala kuti, ndipo ana adzafika liti kudzaona agogo ao ku Tamanda. Machaina alemekeza munthu wamkulu wolankhulira banja lake. Mayankho akamveka, malume atambasule manja awiri, alandire kapu ija, namwe ndi mtima woyera.