Ku Japan Khirisimasi ndi tsiku la ntchito

Pa 25 Disembala, pomwe kuno kwathu fungo la mpunga ndi nkhuku limakhala litadzaza m'makomo, ku Japan anthu amalawirira ku ntchito ngati tsiku lina lililonse. Khirisimasi si holide m'dzikolo chifukwa Akhristu alipo pafupifupi mmodzi yekha pa anthu 100 alionse.

Izi zimadabwitsa alendo, kuphatikizapo Amalawi omwe amapita kumeneko kukachita maphunziro kudzera ku bungwe la JICA. Misewu ya ku Tokyo ndi Osaka imawala ndi magetsi okongoletsa, m'masitolo nyimbo za Khirisimasi zili pakamwa, koma za kubadwa kwa Yesu sizimveka kwenikweni. Usiku wa pa 24 ndi wa zibwenzi. M'mabanja amadya keke ndi nkhuku yokazinga ya ku KFC, chizolowezi chomwe chidafala kampaniyi itayamba kuitsatsa ngati chakudya cha Khirisimasi mu 1974. Ena amaodelatu kudakali masabata angapo.

Chisangalalo chenicheni kwa eni dziko ndi Chaka Chatsopano, chomwe amachitcha Oshogatsu. Maofesi a boma amatseka kuyambira pa 29 Disembala mpaka pa 3 Januwale. Anthu amakolopa nyumba yonse, kenako sitima zothamanga kwambiri za Shinkansen zimadzaza ndi opita kumudzi kwa makolo awo.

Apa ndiye pamakhala povuta kwa mlendo. Mwambowu ndi wa pabanja, ndipo Ajapani sakonda kuitanira anthu kunyumba wambawamba. Anzake a ku ntchito kapena ku sukulu amabalalika, masitolo ang'onoang'ono amatseka, kunja kukuzizira koopsa, iye n'kutsala yekha m'kachipinda.

Komabe pali miyambo ina yomwe sikaniza munthu. Pakati pa usiku wa pa 31, akachisi a Chibuda amaliza belu ka 108 pofuna kuchotsa zilakolako zosautsa munthu. Kukacha, anthu amakhamukira ku malo opembedzera kukapempha mwayi wa chaka. Pa Meiji Jingu pokha mumzinda wa Tokyo pamafika anthu pafupifupi 3 miliyoni m'masiku atatu oyamba, ndipo mlendo amaima nawo pamzere popanda womufunsa.

Amene wachita mwayi woitanidwa kunyumba asaiwale kuvula nsapato pakhomo ndi kunyamula kamphatso. Asamalenso ndi mochi, chakudya chonanda chopangidwa ndi mpunga wosinja, chomwe chaka ndi chaka chimatsamwitsa anthu, makamaka okalamba.

Ngati muli ndi mwana kapena m'bale ku Japan, lamya yanu imafunika kwambiri pa Nyuwere kuposa pa Khirisimasi. Iwo ali patsogolo ndi maola 7, choncho chaka chikamalowa kumeneko kuno imakhala 5 koloko madzulo pa 31. Muimbireni nthawi imeneyo.