Cisanu: Zimene Anapiye Atiphunzitsa za Makanda

Mizinda ya Kitwe ndi Ndola ili pamalo okwera mamita opitirira 1,200 kucokera panyanja yamcere. N'cifukwa cake m'miyezi ya Juni ndi Julayi usiku kumazizira mpaka pansi pa madigiri 10, ngakhale kuti masana dzuwa limawala bwino. Amene amaweta nkhuku kuseri kwa nyumba m'makomboni monga Chimwemwe, Wusakile, Chifubu ndi Lubuto amaidziwa bwino nyengo imeneyi, pakuti ndi pamene anapiye amafa kwambiri. Cimene cimapha anapiyewo cimathanso kupha khanda, nkhalamba kapena munthu woledzera amene wagona panja.

Thupi la munthu liyenera kukhala pa madigiri 37, la mbuzi pa 39 ndipo la nkhuku pa 41. Kutentha kumeneku kumacokera ku cakudya cimene thupi limaocha ngati nkhuni. Buluzi, njoka ndi nsomba zilibe moto wotere. Kukazizira buluzi amaothera dzuwa pamwala, ndipo nsomba za m'madamu zimaleka kudya ndi kukula mpaka madzi atafundanso. Koma munthu, mbuzi ndi nkhuku sizingadikire dzuwa. Ziyenera kudzifunditsa zokha usiku wonse.

Mmene thupi limadzitetezera

Mphepo ikakhudza khungu, ubongo umatumiza uthenga ndipo mitsempha ya magazi ya pakhungu imacepa. Magazi ofunda amathawira mkati kukasunga mtima, ciwindi ndi ubongo. Ici ndico cifukwa cake zala ndi mapazi zimayamba kuzizira thupi lonse lisanazizire. Nkhuku imatukumula nthenga ndipo galu amaimika ubweya kuti mpweya wofunda utsekeredwe pafupi ndi khungu. Munthu amangocita tsemwe, cifukwa ubweya wake ndi wocepa. Zimenezi zikalephera, minofu imayamba kunjenjemera, ndipo kunjenjemerako kumatulutsa kutentha.

Nthawi yomweyo tiziwalo tiwiri tokhala pamwamba pa impso timatulutsa mahomoni ochedwa adrenaline ndi cortisol. Mahomoniwa amathamangitsa mtima ndi kutulutsa shuga amene thupi linasunga kuti moto usazime. Ndi omwewo amene amatuluka mbuzi ikathamangitsidwa ndi galu kapena munthu akacita mantha. Kwa kanthawi kocepa amapulumutsa moyo. Koma akakhala m'magazi masiku ambiri amafooketsa citetezo ca thupi. Nkhuku zozizidwa ndi zopanikizana zimaleka kunenepa ndipo zimagwidwa matenda msanga. Mwana amene amagona wozizidwa usiku uliwonse amataya cakudya cake pa kudzifunditsa m'malo mokula naco.

Mwanapiye ndi khanda

Mwanapiye wongoswedwa kumene satha kusunga kutentha kwa thupi lake mpaka nthenga zitamera. Amadalira mapiko a make. Anapiye ogula, amene alibe make, amafuna malo ofunda madigiri 32 mpaka 35 m'sabata yoyamba. Akazizidwa amaunjikana pakona, kulira kwambiri ndi kuleka kudya.

Khanda nalonso limabadwa lonyowa, mutu wake ndi waukulu poyerekeza ndi thupi, ndipo silitha kunjenjemera ngati wamkulu. Cida cake ndi mafuta apadera ofiirira amene ali pakati pa mapewa, m'khosi ndi mozungulira impso. Mafutawa amayaka msanga ndi kupereka kutentha, koma pocita zimenezi amadya shuga ndi mpweya wambiri. Akatha, khanda limatsala lopanda citetezo. Mwana wobadwa masiku asanakwane, kapena wolemera osafika makilogalamu 2.5, amakhala ndi mafutawa ocepa kwambiri.

Kutentha koyenera kwa khanda ndi madigiri 36.5 mpaka 37.5. Popeza nyumba zambiri zilibe cipangizo coyezera, mayi akhudze mimba ndi mapazi a mwana ndi kuseri kwa dzanja. Mapazi okha akazizira, mwanayo wayamba kulimbana ndi mphepo ndipo afunditsidwe. Mimba ikazizira pamodzi ndi mapazi, mwana nkumayamwa mofooka, kulira motsitsa kapena kugona kosadzuka, imeneyo ndi ngozi. Aikidwe pacifuwa ca make ndi kuthamangira naye kukiliniki yapafupi, kumene angamutumize ku Kitwe Teaching Hospital kapena ku Arthur Davison Children's Hospital mu Ndola.

Mankhwala oposa onse a mphepo pa khanda ndi thupi la make. Mu 1978 Dr Edgar Rey wa mu mzinda wa Bogotá ku Colombia, poona kuti makina ofunditsira makanda sanali kukwanira, anayamba kuika tiana tating'ono pacifuwa ca amayi awo, khungu kukhudzana ndi khungu. Njirayi imachedwa kangaroo, potengera nyama ya ku Australia imene imalera mwana m'thumba la pamimba. Mu 2022 bungwe la World Health Organization linalangiza kuti ana obadwa msanga kapena ocepa thupi ayambe kusungidwa motere atangobadwa. Mwana amavala thewera, kacipewa ndi masokosi basi, amaikidwa pakati pa mabere, ndipo amamangidwa ndi citenje. Mayi akatopa, bambo kapena ambuye a mwana angamulandire. Bungwe lomweli limalangizanso kuti khanda lisasambitsidwe pasanathe maola 24 cibadwire. Kulipukuta ndi nsalu youma ndi kuliyamwitsa pafupipafupi ndikokwanira.

Mowa ndi mbaula

Pali zinthu ziwiri zimene anthu amathawirako kukazizira, koma zimanyenga. Coyamba ndi mowa. Kacasu amatsegula mitsempha ya pakhungu imene thupi linatseka dala. Munthu amamva kufunda pamene kutentha kukuthawa, ndipo mowawo umacepetsa kunjenjemera ndi shuga wa m'magazi. Thupi likatsika pansi pa madigiri 35, munthu amayamba kusokonezeka ndi kulankhula mosamveka. Akaleka kunjenjemera ali cizizire, zinthu zafika poipa. Wotereyu avulidwe zonyowa, afunditsidwe bulangete ndi kutengeredwa kucipatala. Asapatsidwenso mowa, ndipo asaikidwe pafupi kwambiri ndi moto.

Caciwiri ndi mbaula m'cipinda cotseka. Makala akamayaka amatulutsa mpweya wa carbon monoxide, umene suoneka ndipo sununkha. Umamatira ku magazi mwamphamvu kuposa mpweya wabwino kowirikiza ka 200. Umayamba ndi mutu, cizungulire ndi kusanza, koma amene ali mtulo samva zimenezi ndipo banja lonse lingathe usiku umodzi. Makala ofiira opanda utsi nawonso amautulutsa. Mbaula itulutsidwe panja anthu asanagone. Amene amafunditsa anapiye ndi mbaula asiye mpata wolowera mpweya m'khola, ndipo asagone momwemo.

Nkhalamba, odwala TB ndi ana operewera zakudya m'thupi ali ndi nkhuni zocepa zoocha. Iwo ndiwo ayenera kuyamba kulandira cakudya cotentha madzulo, bulangete louma, ndi mphasa kapena makatoni pansi ngati amagona pasimenti. Ana okulirapo agone pamodzi, monga mmene anapiye amacitira, ndipo mutu wa khanda usakhale wopanda cipewa mpaka mwezi wa Ogasiti utafunditsa dziko.