Mawu a Chingerezi osowa amene amapezeka m'malipoti a mapiri a Dowa ndi Ntchisi

Ogwira ntchito m'boma amene amawerenga malipoti a za madzi, nthaka ndi nkhalango m'maboma a Dowa ndi Ntchisi amakumana ndi mawu ena a Chingerezi amene samveka kawirikawiri, chonsecho ndi iwo amene amayenera kuwamasulira pamaso pa mafumu ndi makomiti a chitukuko.

Mawu amene amasautsa kwambiri ndi "gneiss", ochokera ku Chijeremani. Chilembo cha g sichitchulidwa ndipo mawuwa amamveka ngati "naisi". Ili ndi dzina la mwala wa mizeremizere umene unapangika pansi penipeni pa dziko chifukwa cha kutentha ndi kupanikizika, ndipo mapiri ambiri a m'chigawo chapakati ndi a mwala umenewu. Tanthauzo lake ndi lofunika pa ntchito yokumba mijigo. Mwala wa gneiss ukakhala wolimba susunga madzi kupatula m'ming'alu yake, ndipo madzi ambiri amapezeka chakumwamba, pamene mwalawo unafumbutuka. Choncho lipoti likanena kuti okumba afika pa "fresh gneiss", silikunena za mwala watsopano koma mwala wosafumbutuka, pamene kupitiriza kukumba kungathe kungodya ndalama za boma popanda phindu.

Nkhalango ya Ntchisi, imene inayamba kutetezedwa ndi lamulo mu 1924, imatchedwa "montane", kutanthauza ya m'mapiri aatali kumene kumazizira ndiponso kumagwa nkhungu. Katchulidwe kake ndi "monteini", kosiyana ndi ka "mountain", ngakhale ambiri amaganiza kuti wolemba anangolakwitsa zilembo. M'nkhalangoyi mulinso zomera zotchedwa "epiphyte", zimene zimamera pa nthambi za mitengo koma osayamwa chakudya cha mtengowo. Zilembo za ph zimamveka ngati f: "epifaiti".

Mawu akuti "escarpment" ndi osavuta kwa aliyense amene anayendapo pa msewu wa Lilongwe kupita ku Salima, chifukwa ndi chitsetse chachitali chija chimene chimatsikira ku chigwa cha kunyanja kudzera cha ku Mvera, kumene amishoni a Dutch Reformed anakhazikika mu 1889.

Chichewa nachonso chinabwereketsa mawu ake. Akatswiri a za nthaka akamalemba m'Chingerezi amangolemba kuti "dambo", ndipo womasulira alibe chifukwa chowasinthira.