Linga la Fort Lister pampata wa Mulanje ndi Michesi

Fort Lister ndi linga lomwe atsamunda a ku Britain anamanga mu 1893 pampata wolekanitsa phiri la Mulanje ndi la Michesi, m'boma la Phalombe. Pampatapo pankadutsa amalonda a akapolo ndi minyanga ya njovu pa ulendo wawo wochokera kumwera kwa nyanja ya Malawi kupita ku Quelimane, kugombe la Mozambique, ndipo mafumu ena a Chiyao, monga Matipwiri, ankalemera nawo malondawo. Bwanamkubwa Harry Johnston anaikapo asilikali kuti atseke njirayo, ndipo lingalo analitcha dzina la Sir Villiers Lister wa ku unduna woona zakunja ku London. Mfuti zomwe zinatseka njira ya akapolo ndi zomwezonso zinakhazikitsa ulamuliro wa azungu ndi msonkho, mfundo imene mabuku ena amangoilambalala.

Ukapolo utatha, lingalo linasowa ntchito ndipo linasiyidwa. Mlendo wofika lero amapeza maziko ndi zigumukire za makoma m'katikati mwa tchire, komanso manda a Gilbert Stevenson, wachibale wa mlembi wa ku Scotland Robert Louis Stevenson. Malowa ndi otetezedwa ndi boma, ndipo mu 2011 analowa pamndandanda wa njira za akapolo zomwe Malawi akufuna kuti bungwe la UNESCO lizizindikire.

Kumaiko ena malinga otere amawakonza n'kuwasandutsa nyumba zosungiramo zinthu zakale, monga Fort Jesus ya ku Mombasa, imene Apwitikizi anayamba kumanga mu 1593. Ku Fort Lister kulibe zimenezo, koma zachilengedwe zilipo zosachita kutsekera m'magalasi. Pampatapo ndi poyambira njira yokwera ku Sombani, pamwamba pa phiri la Mulanje, kwawo kwa mkungudza umene sumera wokha kwina kulikonse padziko lapansi. Michesi nalo lili ndi mbiri yake yowawa: ndi komwe kunachokera madzi ndi miyala zomwe zinakokolola midzi ya ku Phalombe mu Malichi 1991, ngozi imene anthu amaitcha Napolo.

Wofuna nyumba yosungiramo zinthu zakale, makamaka ya mbiri ya zombo, ayenera kupitirira mpaka ku Mangochi, komwe kale kunkatchedwa Fort Johnston. Nyumba ya Lake Malawi Museum imafotokoza za Guendolen, sitima yankhondo yomwe inawononga sitima ya Ajeremani ya Hermann von Wissmann mu Ogasiti 1914. Zojambula ndi zosema zimapezeka ku Mandala House, nyumba ya mu 1882 mumzinda wa Blantyre.

Ulendo wa ku Fort Lister umakoma m'chilimwe, chifukwa m'dzinja msewu wafumbi wopita kumeneko umaterera ndipo mitsinje imadzaza mwadzidzidzi. Ndi bwino kutenga woperekeza wa m'mudzi wapafupi, popeza udzu ukakula zigumukirezo zimabisika.