Iguana ndi fulu: ziweto zimene zingadwalitse ana

Iguana ndi buluzi wamkulu wobiliwila amene kwao ndi ku Central America ndi ku South America, kucokela ku Mexico mpaka ku Brazil ndi ku Paraguay. M'thengo la Zambia sapezeka, ngakhale kuti amafananako ndi ng'azi wa m'mphepete mwa Luangwa. Ng'azi amadya nyama ndi mazila, koma iguana amadya masamba, maluwa ndi zipatso.

Kwao iguana amakhala m'mitengo ya m'mbali mwa mitsinje. Amaothela dzuwa panthambi, ndipo akaona mdani amadziponya m'madzi ndi kuthawa mosambila. Akakula amatalika mamita 1.5 kapena kuposa, kuwelengela ndi mcila womwe.

Ku America ndi ku Ulaya anthu amagula ana a iguana kuti aziwaweta m'nyumba monga mphaka. Koma nyamayi imavutika m'nyumba. Ikasowa dzuwa ndi cakudya coyenela, mafupa ake amafewa ndi kupindika. Ikakula imaluma, imakanda, ndiponso imakwapula ndi mcila. Ku Florida ma iguana othawa ndi otayidwa anaswana kwambili, ndipo mu 2021 boma la kumeneko linaletsa kugula iguana watsopano kukhala ciweto.

Vuto lalikulu pa umoyo wa banja ndi kacilombo ka Salmonella. Kacilomboka kamakhala m'matumbo mwa iguana popanda kumudwalitsa, ndipo kamatuluka ndi ndowe zake. Kucoka apo kamafika pakhungu pake, m'madzi amene amamwa ndi pansi pamene wayenda. Mwana akagwila nyamayo ndi kuika zala m'kamwa, matenda alowa.

Makolo a m'makomboni asaganize kuti nkhaniyi ndi ya kutsidya kwa nyanja cabe. Fulu, abuluzi, ng'azi ndi njoka nazonso zimanyamula Salmonella. Mu 1975 boma la United States linaletsa kugulitsa tiafulu tosakwana masentimita 10, cifukwa ana ambili anali kudwala atasewela nato. Fulu amene mwana watola kumunda ndi kusunga m'beseni kuseli kwa nyumba angabweletse matenda amodzimodziwa.

Zizindikilo zimayamba pakati pa maola 6 ndi masiku 6. Wodwala amatsegula m'mimba, thupi limatentha, m'mimba mumapota, ndipo ena amasanza. Ambili amacila pakapita masiku 4 mpaka 7. Koma kwa makanda, okalamba ndi anthu amene thupi lao ndi lofooka, monga odwala AIDS, kacilomboka kangalowe m'magazi ndi kupha.

Alangizi a zaumoyo amati nyama zotelezi zisasungidwe m'nyumba mmene muli mwana wosakwana zaka 5. Aliyense amene wazigwila asambe m'manja ndi sopo asanadye, asanaphike ndiponso asananyamule khanda. Beseni losungilamo fulu lisatsukilidwe pamene pamatsukilidwa mbale, ndipo lisagwilitsidwe nchito posambitsa mwana.

Mwana akayamba kutsegula m'mimba apatsidwe madzi a ORS pafupipafupi, ndipo woyamwa apitilize kuyamwa. Ngati m'cimbudzi muli magazi, thupi latentha kwambili, maso alowa m'kati kapena mwana akulephela kumwa, makolo apite naye ku kiliniki tsiku lomwelo. Kumeneko asaiwale kuuza anesi kuti mwanayo anasewela ndi fulu kapena buluzi.