Zitsa zikuphuka ku Magaleta

Nyengo yodzala mitengo, yomwe imayamba pa 15 Disembala mpaka pa 15 Epulo, yafikanso. Koma ku Magaleta m'boma la Neno, zithunzi za m'foni ya mphunzitsi wina zautsa mkangano.

Mwezi wa Okutobala uliwonse, mphunzitsiyu amakwera pachulu chakuseri kwa nyumba yake n'kujambula phiri loyang'anizana nacho. Nzeruyi adaitengera pa zithunzi za phiri la St. Helens ku America, lomwe lidaphulika mu 1980 n'kugwetsa nkhalango yonse. Ojambula ankabwerera pamalo omwewo chaka ndi chaka mpaka phulusa lidabiriwira.

Kuno kulibe phiri lophulika. Lathu lidathera nkhwangwa. Chithunzi choyamba cha mphunzitsiyu n'chomvetsa chisoni: zitsa zakuda bii, zipsera za mauvuni a makala, ndi chigwembe chofiira chomwe mvula ya namondwe Freddy idakumba mu Marichi 2023. Akuluakulu amati mmenemo mudadutsa napolo.

Chachitatu ndiye chimakoka maso. Zitsa zomwe zija zatulutsa mphukira zofika m'chiuno, zina zisanu pachitsa chimodzi. Masamba anthete a mombo ali psuu padzuwa, ndipo m'mphepete mwa chigwembe kamsuku kagwira dothi ndi mizu yake. Pakona pakuoneka mbuzi itaimirira ndi miyendo iwiri, ikubudula nsonga.

Mphunzitsiyu akuti palibe amene adadzalapo mbande paphiripo. Mizu ya mitengo yachilengedwe idakali moyo pansi, ndipo chomwe ikufuna n'kupatulira mphukira ndi kulambula njira zotchinga moto wa osaka mbewa.

Mkulu wina wam'mudzimo sakumva zimenezo. Iye akuti mombo umakula mwaulesi, pomwe anthu akufuna nkhuni ndi mapolo omangira lero lomwe, choncho paphiripo padzalidwe bulugama. Amayi ena akumuyankha kuti bulugama amaumitsa zitsime, ndipo sadzawapatsa bowa kapena masuku. Mkuluyo akubweza kuti chithunzi sichiphika nsima.

Mawu akewo si opanda pake, chifukwa umphawi ndi womwe udakweza nkhwangwa kuphiri. Komabe mbande zambiri zodzalidwa pamwambo wa nyengo yodzala mitengo zimauma chilimwe chisanathe, pomwe zitsa zija zapirira zilimwe zitatu popanda wozithirira.

Pomwe timachoka ku Magaleta madzulo, njinga ziwiri zosenza matumba a makala zidatidutsa, zikutsetsereka kulowera kumsewu waukulu.