Phunziro la ku Likoma kwa Olima ndi Kugulitsa Mbewu ku Kadoma ndi Chegutu

Kuno ku Kadoma ndi ku Chegutu kulibe nyanja, komabe ambiri a ife amene makolo athu anachokera ku Malawi kudzagwira ntchito m'migodi ndi m'mafamu tinamvapo za Likoma ndi Chizumulu, zilumba ziwiri za pa nyanja ya Malawi. Pa chilumba chaching'ono vuto la chakudya limaonekera msanga, pakuti palibe kothawira. N'chifukwa chake moyo wa kumeneko uli ndi phunziro kwa ife a ntchito ya mbewu.

Pa kalembera wa 2018, boma la Likoma linali ndi anthu oposa 14,000. Nthaka yake ndi yamiyala ndi mchenga, ndipo chimanga sichichita bwino. Anthu amadalira chinangwa ndi nsomba, pamene ufa, shuga ndi mafuta ophikira zimabwera pa sitima kuchokera ku Nkhata Bay, makamaka pa Ilala, imene inayamba kuyenda mu 1951. Sitima ikaonongeka, kapena mwera ukakula pa nyanja, katundu amachedwa ndipo mitengo imakwera. Mtengo wa dizilo ukakwera pa msika wa dziko lonse, mayi wa pa chilumba amaumva pogula ufa.

Malonda a pakati pa maiko amanyamulanso tizilombo. Kodikodi anafika mu Africa kuchokera ku South America kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, ndipo pakati pa zaka za m'ma 1980 anasakaza chinangwa ku Nkhata Bay, komwe ndi khomo la Likoma. Mabanja amene chakudya chao chinali kondowole yekha anagwa m'njala. Zinthu zinayamba kusintha akatswiri a bungwe la IITA atabweretsa timavu todya kodikodi kuchokera kwao komweko ku South America.

Nanga ife tikusiyana pati ndi anthu a pa chilumba? Dera lathu linakula ndi thonje. Malo ofufuzira za thonje ali ku Kadoma kuyambira mu 1925, ndipo mafakitale a nsalu a David Whitehead analemba ntchito anthu ambiri m'matauni onse awiri. Misika itatsegulidwa pansi pa ndondomeko ya ESAP mu 1991, nsalu zotsika mtengo zakunja ndi kaunjika zinafooketsa mafakitalewa. Mtengo wa thonje nawo umakhazikitsidwa kutali ndi mlimi. Alimi ambiri analisiya, natsala ndi chimanga chokha, ena nalowera kokumba golide.

Chimangacho chakumana ndi zake. Ntchemberezandonda zochokera ku America zinalowa mu Zimbabwe mu 2016. Nkhondo ya Russia ndi Ukraine itayamba mu 2022, feteleza anakwera mtengo. Kenaka El Niño anadula mvula ya 2023 mpaka 2024, kotero kuti pa 3 April 2024 Pulezidenti Emmerson Mnangagwa analengeza kuti chilalacho ndi ngozi yogwera dziko lonse. El Niño si wachilendo, koma pamene dziko likutentha, nthaka imauma msanga ndipo ng'amba ya pakati pa dzinja imapha chimanga chikamamasula ngayaye. Mudzi wodalira mbewu imodzi ndi msika umodzi uli ngati chilumba chodikira sitima imodzi.

Kwa mlimi wa ku Sanyati kapena ku Mhondoro, sitimayo ndi sitolo yathu. Chimene sitinaike pa shelefu, iye sabzala. Choncho tisadzaze sitolo ndi chimanga chochedwa kucha chokha chifukwa choti chili ndi phindu lalikulu. Pakhalenso chimanga chocha msanga ndi chopirira ku chilala, mapira, mchewere, khobwe, mtedza ndi mpendadzuwa, m'timapaketi ting'onoting'ono timene mlimi wa munda wa Pfumvudza angakwanitse kugula.

Chachiwiri, tisalandire mbewu yolowa mozemba pa malire, ngakhale itatsika mtengo motani. Mbewu yopanda chiphaso cha Seed Services Institute, kapena yakunja yopanda zikalata zotsimikiza kuti ilibe matenda ndi tizilombo, ikhoza kutibweretsera kodikodi wa m'badwo wathu. Olima mbewu nawonso asunge mtunda woyenera pakati pa minda ndi kuzula mbewu zachilendo zisanamasule.

Chachitatu, katundu afike nthawi ilipo. Mbewu yocha msanga yofika m'sitolo mu Januwale yataya kale ntchito yake. Tiitanitse mu Ogasiti ndi Seputembala, tiisunge pouma ndi pozizira, kuti mvula yoyamba ya Novembala ikapeze mlimi ali nayo m'nyumba. Mlimi amene wakolola kanthu m'chaka cha chilala ndi yemweyo adzabwerenso kudzagula kwa ife chaka chamawa.